Mafunso ndi Mayankho: Kodi Mwana Wanu Alowe Timu Yoyendayenda ku America?

Makolo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique amene akulerera ana awo ku United States amakumana ndi nkhani imeneyi mwana akafika zaka 8, 9 kapena 10. Mwana amene wakhala akusewera mpira m'timu ya m'dera lawo amaitanidwa kuti akayesedwe ku kalabu yaikulu, ndipo akasankhidwa, kholo limapatsidwa pepala la ndalama pamodzi ndi ndandanda ya maulendo yodzaza Loweruka ndi Lamlungu la miyezi yambiri. Kwa munthu amene anakula akumenya chikulunga pabwalo la sukulu popanda wolipiritsa, zimenezi n'zodabwitsa, komanso zimadetsa nkhawa, chifukwa palibe kholo lofuna kuti mwana wake atsalire anzake akupita patsogolo. Maganizo anga ndi akuti timu yoyendayenda imathandiza ana ena akafika pa msinkhu woyenera, koma imapweteka banja limene laiona ngati njira yopezera fizi ya ku yunivesite.

Kodi timu yoyendayenda n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi timu ya m'dera?

Masewero a ana ku America ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la matimu a m'dera, oyendetsedwa ndi khonsolo ya tauni, ndi YMCA, kapena ndi mabungwe monga Little League la baseball, lomwe linayamba mu 1939 ku Williamsport m'chigawo cha Pennsylvania, ndi AYSO la mpira wamiyendo, lomwe linayamba mu 1964 ku California. Kumeneko mwana aliyense wolembetsa amalandiridwa, makochi ambiri ndi makolo ongodzipereka, ndalama zake n'zochepa, ndipo nyengo ya masewero imatha m'miyezi iwiri kapena itatu. AYSO ili ndi lamulo lakuti mwana aliyense asewere osachepera theka la nthawi pa masewero aliwonse, kaya ndi waluso kapena ayi.

Gulu lachiwiri ndi limene eni dzikolo amalitchula kuti travel team kapena club team. Mwana amayamba wayesedwa, ndipo ena amabwezedwa. Makochi amalipidwa, ana amakonzekera katatu kapena kanayi pa mlungu, nyengo imatenga miyezi 9 kapena 10, ndipo timu imapita kukapikisana m'matauni ndi m'zigawo zina, nthawi zina pa ndege. Pa mpira wamiyendo mayina omveka kwambiri ndi ECNL, ligi yomwe inayamba mu 2009 ndi atsikana, ndi MLS NEXT, yomwe inayamba mu 2020 bungwe la US Soccer litatseka Development Academy yake. Pa basketball mudzamva za AAU, ndipo volleyball, baseball, softball ndi hockey alinso ndi mabungwe awo. Pa matimu amenewa palibe lonjezo lakuti mwana adzasewera. Kholo likhoza kulipira zonse, kuyendetsa galimoto maola asanu, mwana n'kukakhala pa benchi.

N'chifukwa chiyani maulendo amachuluka chonchi?

Mbali ina n'chifukwa chakuti dzikolo ndi lalikulu, moti timu yamphamvu ya m'tauni yaing'ono imasowa wopikisana naye pafupi. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti pali anthu ambiri amene amadyerapo. Mu 2017 magazini ya Time inalemba kuti masewero a ana anali atasanduka bizinesi ya madola 15 biliyoni, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakulirakulira. Matauni ena anamanga mabwalo akuluakulu ndi cholinga chokopa mabanja kuti adzagone m'mahotela ndi kudya m'malesitilanti a kwawoko. Chitsanzo chodziwika ndi Grand Park ku Westfield m'chigawo cha Indiana, ulendo wa maola pafupifupi awiri kuchokera ku South Bend komwe kuli Amalawi ambiri. Malowa anatsegulidwa mu 2014, ndi aakulu maekala 400, ndipo ali ndi mabwalo 31 a mpira wamiyendo ndi masewero ofanana nawo, komanso mabwalo 26 a baseball ndi softball. Mabwalo otere amafunika kudzaza mlungu uliwonse kuti ndalama zibwerere, ndipo odzazawo ndi ana anu.

Okonza mipikisano ambiri amaikanso lamulo lakuti timu yochokera kutali igone m'hotela imene iwo asankha, apo ayi siiloledwa kusewera. Banja limene lili ndi m'bale m'tauni yomweyo, yemwe akanawasunga mwaulere monga mwa chikhalidwe chathu, nthawi zina limakakamizikabe kulipira hotela kuti timu ikwanitse chiwerengero cha zipinda chimene okonzawo akufuna.

Kodi ndalama zake zimafika pati?

Bungwe la Aspen Institute, kudzera mu ntchito yake ya Project Play, linapeza kuti mu 2024 banja limodzi linkawononga pafupifupi madola 1,016 pachaka pa masewero amene mwana mmodzi amawakonda kwambiri, ndipo ndalamayi inali itakwera ndi 46 peresenti poyerekeza ndi 2019. Chiwerengerochi chikuphatikiza ndi ana a matimu a m'dera omwe amalipira zochepa, choncho wa timu yoyendayenda amapitirira pamenepo. Si zachilendo kuti kalabu ya mpira wamiyendo ilipiritse madola 2,000 mpaka 5,000 pachaka maulendo asanawerengeredwe, ndipo hockey imadula kuposa apa.

Chimene chimapweteka mabanja ambiri si ndalama yolembedwa pa pepala loyamba lija. Ndi zotsatira zake: mayunifolomu amene kalabu imasintha pakapita zaka ziwiri, mafuta a galimoto, hotela ya masiku awiri, chakudya cha panjira, ndalama yolowera pa geti kuti kholo lionere mwana wake yemwe, ndiponso makochi apadera amene makolo ena amalemba chifukwa choopa kuti mwana wawo achotsedwa m'timu. Kwa kholo logwira ntchito yolipidwa pa ola, monga yosamalira okalamba ndi odwala, Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku amene mashifiti amapezeka mosavuta, kotero kuti ulendo uliwonse umadya ndalama kawiri, yotuluka ndi imene ikanalowa. Ambiri mwa makolo amenewa amatumizanso ndalama kumudzi za fizi, za feteleza ndi za chipatala. Musanavomere, werengerani chaka chonse palimodzi, ndipo ngati pakufunika ngongole ya khadi kuti mukwanitse, yankho langa ndi lakuti musalowe.

Nanga ubwino wake weniweni ndi wotani?

Ulipo, ndipo si bwino kuubisa. Mwana amene luso lake laposa la anzake a m'dera amayamba kugwa ulesi akamapambana popanda kuvutika, ndipo amakula msanga akakumana ndi anzake othamanga ndi oganiza mofulumira ngati iye. Makalabu abwino ali ndi makochi ophunzitsidwa, odziwa kukonza zolakwika zimene kholo longodzipereka silingazione. Mwanayo amaphunzira kusunga nthawi, kulongedza yekha chikwama, kumaliza ntchito ya kusukulu ulendo usanayambe, kugonja popanda kutaya mtima, ndi kulankhula yekha ndi munthu wamkulu pamene sanamvetse chifukwa chimene sanaseweretsedwe.

Kwa mwana wa m'banja lobwera m'dzikolo pali ubwino wina umene ndimauwerengera kwambiri. Timu imene imakhala limodzi zaka zingapo imamupatsa anzake okhazikika pa msinkhu umene ana ambiri amadzimva kuti ndi alendo kulikonse, ndipo makolo nawo amadziwana ndi mabanja amene sakanakumana nawo kwina. Atsikana apindula kwambiri chikhazikitsire lamulo la Title IX mu 1972, lomwe linakakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kupereka mwayi wofanana kwa anyamata ndi atsikana. Lero mtsikana wosewera bwino mpira wamiyendo kapena volleyball ali ndi njira yooneka yopitirizira mpaka ku yunivesite, ndipo n'zoona kuti makochi a mayunivesite amapezeka kwambiri pa mipikisano ya makalabu kusiyana ndi pa masewero a matimu a sukulu, chifukwa kumeneko amaona osewera mazanamazana pa masiku awiri okha.

Ubwino wonsewu umadalira zinthu ziwiri: kuti mwanayo ndiye akufuna, ndiponso kuti akusewera ndithu. Wokhala pa benchi chaka chonse m'timu yotchuka amaphunzira zochepa kuposa wosewera mphindi zonse m'timu yapansi.

Kodi si njira yopezera sikolashipu ya ku yunivesite?

Ili ndilo funso limene limasokoneza mabanja ambiri, ndipo makalabu ena amadziwa kuti mawu akuti sikolashipu amamasula chikwama cha kholo. Tiyeni tione ziwerengero. Ana osewera m'matimu a sukulu za sekondale ku America ali pafupifupi 8 miliyoni, pamene osewera m'mayunivesite a pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, amangopitirira pang'ono theka la miliyoni. Bungwe la NCAA lenilenilo limanena kuti pafupifupi ana awiri okha pa 100 aliwonse osewera ku sekondale ndi amene amalandira thandizo la fizi chifukwa cha masewero. Mwa amene afika ku yunivesite, osakwana awiri pa 100 ndi amene amadzalowa m'maligi akuluakulu olipira.

Ngakhale olandirawo, ambiri salandira fizi yonse. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya mpira wamiyendo mu Division I, gulu lapamwamba mwa magulu atatu a NCAA, inkaloledwa kugawa masikolashipu okwana 9.9 okha kwa osewera oposa 25, ya atsikana 14, ndipo ya baseball 11.7. Malamulowa anasintha mu 2025 kwa mayunivesite amene analowa m'mgwirizano watsopano wogawana ndalama ndi osewera, moti tsopano malire ali pa chiwerengero cha osewera m'timu, koma kuloledwa kupereka zambiri sikutanthauza kuti yunivesite ili nazo ndalamazo. Mayunivesite a Division III, omwe ndi ochuluka kuposa a gulu lina lililonse, sapereka n'komwe thandizo la masewero, chimodzimodzinso a Ivy League monga Harvard ndi Yale. Kumeneko thandizo limabwera chifukwa cha magiredi kapena chifukwa cha kuchepa kwa ndalama za banja.

Banja lolipira madola 4,000 pachaka kuyambira mwana ali ndi zaka 9 mpaka 18 limakhala litatulutsa madola 36,000, ndipo nthawi zambiri thandizo limene mwanayo angadzapeze silifika pamenepo. Ndalama yomweyo itasungidwa mu akaunti ya maphunziro imene amaitcha 529 ndi yotsimikizika, pamene sikolashipu ya masewero ikhoza kutha ndi bondo limodzi. Dziwaninso kuti pa masewero ambiri a Division I makochi saloledwa kuyamba kukambirana ndi mwana lisanafike tsiku la 15 June atamaliza giredi 10. Choncho kalabu yokuuzani kuti mwana wa zaka 10 apite ku Florida kuti akaonedwe ndi makochi a mayunivesite ikukugulitsani chinthu chimene kulibe.

Masewero akhoza kuthandizadi mwana wa magiredi abwino kulandiridwa pa yunivesite yovuta kulowa, ndipo phindu limenelo si laling'ono. Koma limagwira ntchito limodzi ndi magiredi, osati m'malo mwake.

Akuluakulu amati m'mera m'poyamba. Kodi mwana akachedwa kulowa sadzatsalira?

Mwambiwu ndi woona pa nkhani yakuti mwana azolowere kuthamanga, kudumpha, kuponya ndi kukonda masewero ali wamng'ono. Sukutanthauza kuti asankhe masewero amodzi ali ndi zaka 8 n'kumachita omwewo chaka chonse. Madokotala a ana a m'bungwe la American Academy of Pediatrics analangiza mu 2016 kuti pa masewero ambiri mwana adikire mpaka zaka 15 kapena 16 asanakhazikike pa amodzi, kuti azipuma tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu, ndiponso kuti azisiya masewero akewo miyezi itatu pachaka, mwezi umodzi nthawi iliyonse. Mu 2019 bungwe la National Athletic Trainers' Association linawonjezera malangizo osavuta kukumbukira: maola a masewero pa mlungu asapose zaka za mwana, asasewere masewero amodzi kupitirira miyezi 8 pachaka, ndipo asakhale m'matimu awiri nthawi imodzi. Mwana wa zaka 10 asapitirire maola 10 pa mlungu.

Chifukwa chake chili m'thupi lenilenilo. Mafupa a mwana amakulira kunsonga, ndipo malo amenewo amakhala ofewa kuposa minofu yowakoka. Akamabwereza chinthu chimodzi kambirimbiri popanda kupuma, kuwawa kumayamba pa chidendene, pansi pa bondo, pa chigongono kapena pa phewa. Pa baseball vutoli linakula mpaka Little League inaika mu 2007 malire a kuchuluka kwa mipira imene mwana angaponye pa tsiku, ndipo wa zaka 11 kapena 12 saloledwa kupitirira 85. Opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John, yomwe dokotala Frank Jobe anaichita koyamba mu 1974 pa wosewera wamkulu, masiku ano ikuchitidwanso kwa achinyamata amene sanamalize sekondale. Vuto la mipikisano ya kumapeto kwa mlungu n'lakuti mwana amasewera katatu, kanayi kapena kasanu pa masiku awiri, chinthu chimene ngakhale osewera akuluakulu olipidwa sachita.

Palinso china chimene makolo sachiganizira. Mwana woposa anzake ali ndi zaka 10 kawirikawiri amakhala wongofulumira kukula kapena wobadwa kumayambiriro kwa chaka chowerengera misinkhu, ndipo akatha msinkhu onse, mndandanda umasintha. Osankhidwa ali aang'ono ambiri amadzapitiriridwa, ndipo obwezedwa ena amadzakhala odalirika. Kupatula masewero monga gymnastics, omwe osewera ake amafika pachimake ali aang'ono, sindikuona chifukwa chokwanira choti mwana wosakwana zaka 12 azigona m'mahotela chifukwa cha mpira. Asewere mpira wamiyendo nyengo ina, basketball nyengo ina, asambire m'chilimwe, ndipo akhale ndi nthawi yosewera ndi anzake popanda wamkulu woimba wezulo.

Ndi kuvulala kotani kumene kholo liyenera kukuopa kwambiri?

Koyamba ndi kugundidwa m'mutu. Mwana akhoza kugwedezeka ubongo popanda kukomoka, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, kusanza, kuiwala ndi kuvutika ndi kuwala. Chigawo cha Washington chinakhazikitsa mu 2009 lamulo lotchedwa dzina la Zackery Lystedt, mnyamata amene anavulala kwambiri atabwezeredwa m'bwalo atagundidwa kale, ndipo tsopano zigawo zonse 50 zili ndi malamulo pa nkhaniyi. Mfundo yake ndi yakuti mwana wokayikiridwa atuluke pomwepo ndipo asabwerere mpaka wachipatala atamuona. Mu 2015 US Soccer inaletsa ana a zaka 10 kutsika pansi kumenya mpira ndi mutu, n'kuchepetsanso kwa a zaka 11 mpaka 13. Kochi wokakamiza mwana kupitiriza chifukwa ndi ndime yomaliza ya chikho si woyenera kumusiyira mwana wanu.

Kwachiwiri ndi kuduka kwa mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL, komwe kumachitikira atsikana kawirikawiri kuposa anyamata pa mpira wamiyendo ndi basketball, ndipo kuchira kwake pambuyo pa opaleshoni kumatenga miyezi 9 kapena chaka. Ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, yomwe imatenga mphindi 20 ndipo siilira chipangizo chodula, yaonetsedwa kuti imachepetsa kuvulala. Funsani ngati timu imaitsatira, ndipo onaninso zimene inshuwalansi yanu imalipira mwana akavulalira m'chigawo china.

Kodi banja lonse limakhudzidwa bwanji?

Kwambiri. Masewero amagwa Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, kotero kuti banja lopemphera, kaya ndi la CCAP, la Katolika kapena la Seventh-day Adventist, limapezeka likusankha pakati pa tchalitchi ndi bwalo kwa miyezi yambiri. Maukwati, maliro ndi misonkhano ya anthu akwathu, komwe ana amamva chinenero chawo ndi kudziwana ndi abale, zimaphonyedwa. Abale ake a mwanayo amakulira m'galimoto ndi m'mbali mwa mabwalo, ndipo amaona bwino lomwe kumene ndalama ndi nthawi ya makolo zikupita. Bambo ndi mayi ayenera kugwirizana asanavomere, chifukwa mmodzi akamanyamula yekha mtolo umenewu mkangano suchedwa. Maligi ena apamwamba salolanso mwana kusewerera timu ya sukulu yake, ndipo kwa ana ambiri kusewera pamaso pa anzawo a m'kalasi ndi kumene kumawasangalatsa koposa.

Kodi mwana amakhala wotetezeka pa maulendo amenewa?

Musatumize mwana ndi munthu amene simukumudziwa chifukwa chongoti ndi kochi. Mlandu wa Larry Nassar, dokotala wa timu ya gymnastics ya dzikolo amene anagamulidwa mu 2018 kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175 chifukwa chogwirira atsikana ochuluka, unaonetsa kuti ulemu umene makolo amapereka kwa akuluakulu a masewero ukhoza kukhala pobisalira anthu oipa. Bungwe la US Center for SafeSport, lomwe linatsegulidwa mu 2017, lili ndi malamulo omveka: wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo osaoneka, asagone naye chipinda chimodzi, ndipo asamutumizire mauthenga a pafoni popanda kholo kapena wamkulu wina kuwaona. Ife tinaleredwa kuti mwana sayankha wamkulu, ndipo khalidwe limeneli ndi labwino m'zambiri, koma pano mwana ayenera kuuzidwa momveka kuti ali ndi ufulu wokana ndi wokuuzani chilichonse chomusowetsa mtendere, ngakhale wochitayo ndi amene amasankha osewera.

Mwana wanga ndi waluso koma ndalama ndilibe. Ndiye kuti njira yatsekeka?

Siinatsekeke, ngakhale kuti dongosololi limakondera olemera. Kafukufuku wa Project Play wakhala akusonyeza kuti ana a mabanja opeza zochepa amasewera m'matimu mochepa kwambiri poyerekeza ndi a mabanja opeza bwino, ndipo anthu ambiri a mpira m'dzikolo amavomereza kuti luso lambiri limatayika chifukwa cha zimenezi. Clint Dempsey, mmodzi mwa osewera awiri amene anamwetsa zigoli zambiri m'timu ya dziko la America, anakulira m'banja losauka ku Nacogdoches m'chigawo cha Texas, ndipo makolo ake ankayendetsa galimoto maola atatu kupita ku Dallas kuti akasewere. Panafika nthawi imene anasiya kaye chifukwa ndalama sizinkakwanira iye ndi mlongo wake wosewera tenesi, ndipo pambuyo pake makolo a anzake anathandizapo. Iye anadutsa, koma ambiri ofanana naye sadutsa.

Makalabu ambiri ali ndi thumba lothandizira mabanja ovutika, koma salilengeza, choncho funsani popanda manyazi mwana atangosankhidwa. Maakademe ambiri a matimu a MLS, ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ya amuna, salipiritsa osewera amene awasankha. Timu ya sukulu ya sekondale ndi yotsika mtengo ndipo ili ndi makochi ndi mabwalo. Pali makalabu ena opikisana m'dera lokhalokha, omwe ulendo wawo wautali ndi ola limodzi, ndipo kwa ana ambiri amenewa ndi okwanira. Ndi bwinonso kukumbukira kuti Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu NWSL, ligi yaikulu ya amayi ya ku America, akusewerera Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, anakulira ku Rumphi ndipo anaposa atsikana amene anadutsa m'makalabu odula a dzikolo. Zimenezi sizichotsa phindu la kochi wabwino, koma zikusonyeza kuti kuchuluka kwa ndalama zolipira si kumene kumapanga wosewera.

Kodi mayiko onse olemera amachita chimodzimodzi?

Ayi. Dziko la Norway linakhazikitsa mu 1987 malamulo a ufulu wa ana pa masewero, ndipo kumeneko mwana sapikisana pa chikho cha dziko lonse asanafike chaka chokwanitsa zaka 13. Makalabu ndi a m'midzi ndi m'matauni, oyendetsedwa kwambiri ndi anthu ongodzipereka. Dziko limeneli, la anthu osakwana 6 miliyoni, linatenga mamendulo 39 pa Olimpiki ya m'nyengo yozizira ya 2018, kuposa dziko lina lililonse, ndipo Erling Haaland anakulira m'kalabu ya kwawo ku Bryne. Ku England, mwana wosankhidwa ndi akademe ya timu yaikulu salipira, chifukwa timuyo ndi imene ikuyembekeza kudzapindula naye.

Tifunse chiyani tisanasaine?

Funsani ndalama ya chaka chonse, kuphatikizapo maulendo, ndipo ilembedwe. Funsani kuti ndi maulendo angati ogona, ngati mwana amaloledwa kusewera masewero ena, ndi zimene zimachitika akajomba chifukwa cha mayeso, matenda kapena tchalitchi. Funsani mmene kochi amagawira nthawi yosewera, ngati akuluakulu onse a timu anafufuzidwa mbiri yawo, komanso ngati ndalama imabwezedwa mwana akavulala pakati pa nyengo. Kalabu yaikulu imakhala ndi matimu angapo pa msinkhu umodzi, ndipo timu yachitatu kapena yachinayi imalipira pafupifupi zofanana ndi yoyamba koma kochi wodziwika uja siimuona, choncho dziwani timu yeniyeni imene mwana wanu waikidwamo.

Koposa mafunso onsewa, pitani mukaonere tsiku lokonzekera popanda kulengeza. Onani ngati ana akugwira mpira kapena angoima pamzere, mverani mmene kochi amalankhulira ndi mwana wolakwitsa, ndipo tsiku la masewero onani mmene makolo amachitira ndi woimbira. Oimbira ambiri pa masewero a ana ndi achinyamata, ndipo ambiri akusiya ntchitoyi chifukwa chotukwanidwa ndi makolo. Ngati n'kotheka, chezani ndi kholo limene linachotsa mwana wake m'kalabuyo, chifukwa ndi limene lingakuuzeni zimene pepala silinena.

Tingadziwe bwanji kuti mwana watopa nazo, ndipo tichite chiyani akanena kuti akufuna kusiya?

Kafukufuku wa Aspen Institute wa mu 2019 anapeza kuti mwana wamba wa ku America amasiya masewero ali ndi zaka pafupifupi 11, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti sakusangalalanso. Ana ambiri sanena poyera, makamaka akamadziwa kuchuluka kwa ndalama zimene makolo atulutsa. Mudzaona kuti m'mimba mumamupweteka nthawi yonyamuka ikakwana, tulo tasokonekera, magiredi akutsika, kuwawa kwa thupi sikukutha, ndipo mpira umene kale ankagona nawo sakuugwiranso kunyumba. Mwana wosangalala masewero akalephereka chifukwa cha mvula, mlungu ndi mlungu, akukuuzani kanthu.

Ulendo wobwerera kunyumba timu itagonja si nthawi yomuwerengera zolakwa zake, ndipo musamukumbutse za ndalama, chifukwa amene anasaina ndinu. Dikirani tsiku lina mtima uli m'malo, mumufunse chimene chikumuvuta, pakuti nthawi zina vuto limakhala kochi, mnzake womuzunza kapena malo amene akuseweretsedwa, osati masewerowo. Ngati vuto ndi kunyozedwa, kuopsezedwa kapena kuvulala kosatha, muchotseni nthawi yomweyo osadikira kuti nyengo ithe. Ngati ndi kutopa chabe, mukhoza kugwirizana naye kuti amalize nyengoyo chifukwa anzake akumudalira, kenako apume miyezi iwiri kapena itatu popanda kukamba za chaka chamawa. Akadzafuna kubwerera, makalabu amayesa osewera atsopano chaka chilichonse, ndipo timu ya sukulu ndi ya m'dera zimakhalapobe.